Chenjezo la Amayi a Chikolopa

"Munthu akamenyetsa mutu pansi n'kudzuka akuseka, musakondwere msanga. Thamangirani naye kuchipatala." Mawu amenewa Amayi a Chikolopa ankawanena pafupifupi pamsonkhano uliwonse wa amayi a mumpingo mwathu, mpaka ena ankatsinana n'kumati, "Ayambapo adokotala athu." Palibe amene anawasunga mawuwo, ngakhale mwana wawo wamkazi, mzime, amene lero ndi mayi wa kamtsikana ka zaka zitatu.

Amayi a Chikolopa anabadwa oyamba mwa ana asanu, ndipo makolo atamwalira anasiya sukulu kuti alere abale awo. Anakwatiwa ndi mmisiri womanga nyumba. Tsiku lina bamboyo anagwa pamakwerero, anadzuka, anadzisasa fumbi n'kubwera kunyumba kudzagona. Sanatsegulenso maso. Anamwalira patatha masiku anayi m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ndipo ndi momwemo momwe mayiwa anakapempha ntchito yokolopa.

Kwa zaka zoposa makumi awiri anakolopa kunsi kwa mabedi a anthu ometedwa mitu, opumira makina. Asanaviike chikolopa m'ndowa ankayamba apatsa moni wodwala aliyense, kumuuza tsiku ndi mmene kunja kwachera, kenako kumupempherera chamumtima. Anamwino akawaseka ankangoti, "Makutu ndiwo amatsiriza kutseka, ana anga." Abale olira pabenchi sankawanamiza. "Ena amadzuka, ena amadzuka osazindikira ana awo, ena sadzuka. Onsewo ndi a Mulungu. Koma inu mwadya?"

Atapuma pantchito anadzipereka kusamala m'tchalitchi. Loweruka lina akupukuta zenera, mpando umene anakwerapo unapendekeka. Mzime wawo anamva kugunda ali pakhomo la tchalitchilo, ndipo anawapeza atakhala tsonga, akuseka.

"Amayi, tiyeni kuchipatala. Si paja mumatero inuyo?"

"Iwe ndi mantha akowo! Mutu uwu wasenza ndowa zingati? Mawa kuli mapemphero, ndiye mazenera atsale theka?"

Madzulo anasanza kamodzi. Mzimeyo anaona. Anaonanso kuti akutsinzina nyale ikayaka, koma anaopa kutchedwanso wamantha. Anangowafunditsa.

M'mawa anawapeza akuliza mkonono wachilendo, osayankha. Madokotala anawachita opaleshoni n'kuchotsa magazi oundana m'mutu, koma anati ubongo unali utapanikizika nthawi yaitali. Anagona masiku asanu ndi anayi pa limodzi mwa mabedi omwe aja. Anamwino amene ankawaseka kale ankalowa n'kuwerama: "Mwadzuka bwanji, amayi? Lero ndi Lachitatu, kunja kuli mitambo." Anatisiya mwakachetechete, mzime wawo atawagwira dzanja, akuwaimbira nyimbo imene iwo ankaikonda pokolopa. Anthu amene anadzuka m'chipinda chija anabwera ambiri kumaliro, ena ndi ndodo, ena akulankhula movutikira.

Patatha milungu iwiri, kamdzukulu kaja kanagwa pakhonde n'kumenyetsa mutu pasimenti. Kanalira pang'ono, kanayambanso kusewera, dzuwa litalowa kanasanza.

"Mwanayu ali bwinobwino, amake mwana," anatero bambo wake. "Tione mawa kukacha."

Mayiyo anayang'ana chikolopa cha amayi ake chimene chinali chikadatsamira kukhoma, anatenga nsalu n'kubereka mwanayo kumsana.

"Kucha ndinakudikira kale kamodzi," anatero. "Tsegulani chitseko."