Shawelo ya m'sutikesi

Chizindikiro choyamba chinali pathewera. Linali Lachitatu m'mawa, mwezi wa Juni, mdzukulu wanga Dalitso ali ndi masiku khumi chibadwire. Mayi ake, mwana wanga Esinati, anandiitana ndikusesa pabwalo. Mkodzo unali wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Nditamutsegula zikope ndinapeza maso achikasu, ndipo maso otere ndinawaonapo kale. Mwana wanga woyamba, Yohane, anapita nawo asanathe mwezi. Nthawi imeneyo tinadikira masiku atatu, tikumati ndi chikasu cha makanda, chitha chokha.

Ulendo uno sindinadikire ngakhale madzi osamba. Tinakwera minibasi pa Songani, ndipo pofika kuchipatala chachikulu ku Zomba mwana anali atasiya kuyamwa. Anamuthira magazi tsiku lomwelo, namugoneka wamaliseche pansi pa nyali ya buluu, maso atawaphimba ndi kansalu. Ntchito yathu inali kufinya mkaka m'kapu, kuchapa matewera ndi kuyang'ana pakhomo ngati adokotala akubwera. Malungo sanapezeke.

Lachisanu dokotala wina wamkazi anaima n'kununkhiza shawelo imene Esinati anafunda pamapewa.

"Agogo, imeneyi mumasunga ndi chani?"

Ndinayankha monyadira, poti kwathu ndimadziwika kuti chovala changa njenjete siilawa. Shaweloyo analuka ndi mayi anga, ndipo ankaisunga ndi timibulu toyera tonunkha tija tothamangitsa njenjete. Ndi imene ndinatulutsira Yohane m'chikuta. Atamwalira ndinaipinda m'sutikesi, ana anga aakazi osaikhudza, chaka chilichonse ndikuwonjezeramo timibulu tatsopano. Dalitso, mwana wamwamuna woyamba chichokereni Yohane, ndinamufunditsa Lamlungu osaichapa n'komwe, kuopa kuti ubweya ungakhwinyate.

"Itulutseni muno msanga," anatero adokotala.

Anafotokoza kuti ana ena amabadwa ndi enzayimu yochepa mphamvu yotchedwa G6PD, kachinthu koteteza maselo ofiira a magazi. Mankhwala a timibulu tija akalowera pakhungu ndi m'mphuno mwa khanda lotere, maselo aja amasweka. Ndinamva ngati akunena za munthu wina. Ine, ndi ukhondo wanga wonsewo?

Dalitso anayambanso kuyamwa Loweruka, ndipo tinatuluka patatha masiku asanu ndi anayi. Tinavomera kuti magazi amene anamutenga asanamuthire ena apite kwa ofufuza ku Blantyre, pamodzi ndi anga ndi a Esinati. Mu Ogasiti anatiitana n'kutionetsa chithunzi cha timizere. Akuti amadontheza magazi pa kambale ka zinthu zoundana ngati phala lozizira, n'kudutsitsamo magetsi. Enzayimu ija imayenda, koma mtundu uliwonse umafika pakepake. Kenako amathirapo maantibodi, asilikali a m'thupi amene amakakamira enzayimu yokhayo, kuti ioneke kuchuluka kwake. Mzere wa Dalitso unali umodzi, wotsogola koma wotumbululuka. Ine ndi Esinati tinali ndi iwiriiwiri, wabwino ndi wofooka. Mwana wamwamuna amatengera kwa mayi ake, ndipo akatenga wofookawo alibe wina womuthandiza.

Ndinafunsa za Yohane.

"Sitingatsimikize, agogo, magazi ake tilibe," anayankha adokotala mofatsa.

Ine sindinafune magazi ake kuti ndidziwe. Ndinakhala pansi pakhonde la chipatala. Zaka zonsezi ndinkati ndikusunga chikumbutso cha mwana wanga, osadziwa kuti ndikusungira mdzukulu tsoka lomwelo. Esinati ndiye anandidzutsa, amvekere, "Amayi, mukanapanda kuthamanga tsiku lija bwenzi tilibe mwana. Tiyeni kwathu."

Lero Dalitso ali ndi zaka ziwiri, ndipo nkhuku za m'mudzi zimamudziwa bwino. M'buku lake la kuchipatala munalembedwa mankhwala amene sayenera kumwa, ndipo piritsi lililonse timayamba tafunsa anamwino. Achimwene a Esinati kulibe, koma ana aamuna a azing'ono anga tawauza kuti akayezetse.

Amayi anzanga, khanda likasintha maso kapena mkodzo ukada, nyamukani tsiku lomwelo, musawerenge masiku atatu monga ndinachitira ine. Chovala chonunkha timibulu musaveke mwana. Esinati ndi woyembekezeranso, ndipo ine ndayamba kuluka shawelo ina. Imeneyi izikhala pachingwe, padzuwa. Ngati njenjete zikuifuna, zidye.