Njuchi Zinatera Pamene Ndinagoneka Khanda

Ndikudziwa kuti ena munena kuti mayi uyu akuthira mchere, koma ine ndine munthu wopemphera, bodza ndilibe nalo ntchito, ndipo zimenezi zinachitika dzuwa likuswa mtengo, pakhomo panga kufupi ndi Nkhamenya, anthu akuona.

Mwana wanga woyamba, mtsikana, ali Fomu 3 pasukulu yoyendera ya kwathu kuno, aphunzitsi anayambitsa zoti ana aziphunzira ntchito zamanja akaweruka: ena ukalipentala, ena utelala, ena kuweta njuchi. Pa zonsezo iye n'kusankha njuchi! Zinandinyansa, sindibisa. Ndinkamuuza kuti kufula uchi ndi kwa amuna, ndipo ife tikumuphunzitsa kuti adzagwire cholembera ku Boma, osati azibwera milomo itatupa ngati wamenyedwa kumowa. Iye ankangoseka, poti ndi wofatsa ngati bambo ake, za ine sanatengere.

Linali Loweruka, mwezi wa Epulo, fodya ali tho m'chigafa, atauma kale. Chigafacho tinachitchinga ndi udzu m'mbali chifukwa cha mphepo, moti polowera panali pamodzi pokha. Ndinagoneka khanda langa la miyezi inayi pamphasa momwemo, poti munali mozizira, n'kupita kuseri kukachapa matewera. Posakhalitsa ndinamva phokoso ngati njinga yamoto ikubwera chapatali, koma msewu uli kuti kwathu kuno? Ndinathamanga kukasuzumira m'chigafamo. Njuchi, chigulu chonse, zinali zitatera pamkangala, ndodo ija timapachikapo fodya, pamwamba penipeni pa mwanayo, zitaunjikana kukula ngati mtsuko, zina zikuyoyoka n'kumayenda pachitenje chimene ndinamufunditsa.

Ndinakuwa mpaka mudzi wonse unathamanga. Ena ankati ndi malodza, ena ankati zachita kutumidwa. Bambo a m'nyumba anazula udzu pampanda n'kuyatsa muuni, paja ife timangodziwa kuti mankhwala a njuchi ndi moto. Kodi alipo anakumbukira kuti denga ndi laudzu, ndipo fodya wouma sachedwa kuyaka? Palibe. Ineyo ndiye ndinkawafulumizitsa, ndikuwakankha kumsana.

Nthawi yomweyo mtsikana uja anatulukira kuchokera kumjigo. Anatula ndowa, n'kuthamanga kukagwada polowera chigafa, ndipo ataona kuti bambo ake sakuima, anagona chopingasa. Inu mukudziwa kuti kwathu kuno munthu salumphidwa, makamaka mwana wamkazi, amati sadzabereka. Bambowo anaima mwendo uli m'mwamba, moto ukuthetheka m'manja.

Ali chigonere anawapempha, mwaulemu ndithu, kuti azimitse kaye. Anati zimenezo ndi njuchi zosamuka, zakhuta uchi ndipo zilibe chisa choteteza, choncho siziluma zikapanda kuputidwa, koma zikamva moto zigwera pamwana zonse, ndipo chigafa chikayaka satulukamo wamoyo. Anapemphanso kuti anthu asunthe ndi kukhala chete, makamaka amama. Amama ake ndi ine. Ndinapsa mtima, n'kumulalatira pagulu kuti akufuna kupha m'bale wake chifukwa cha nzeru zakusukulu. Mawu amenewo amandipwetekabe mpaka lero.

Bambo ake anandiyang'ana, anayang'ana mwana wawo, kenako anaviika muuni mundowa muja.

Mtsikanayo analowa chokwawa, wopanda chophimba kumaso, pang'onopang'ono kwambiri moti ndinkafuna kukuwanso, koma mlamu wanga ananditseka pakamwa ndi dzanja. Ndinkaona njuchi zikumutera m'mutu ndi m'khosi, iye osaziingitsa n'komwe. Anafundukula chitenje chija ndi njuchi zake zomwe, n'kuchiika pambali, n'kunyamula khanda. Imodzi inamuluma padzanja, ndinaona nkhope ikukwinyika, koma sanagwedeze mkono. Anabwerera chafutambuyo n'kundipatsira mwana ali m'tulo, wopanda pomwe walumidwa. Ndinangokhala padothi n'kuyamba kulira.

Masana omwewo anabwera ndi aphunzitsi ake atanyamula mng'oma, n'kukutumulira njuchi zija momwemo. Ine ndinamuitanira kuseri kwa nyumba n'kumupepesa, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo kwa mwana. Anangondifunsa ngati tsopano ndingamulole kupachika mng'omawo pamtengo wa kudimba.

Sukulu anamaliza, ndipo lero ming'oma yake yandanda m'mphepete mwa dambo, uchi wake umapita mpaka ku Kasungu, amayi a m'midzi ina amabwera kudzaphunzira kwa iye. Za malodza zija sindizikhulupiriranso, njuchi zinkangofuna pokhala. Chimene ndimakhulupirira n'chakuti ntchito zamanja za kusukuluzi sizosewera, ndipo mantha a kholo amatha kupha msanga kuposa chilombo.

Tsono anzanga, njuchi zikakuterani pakhomo musakuwe, musayatse moto, itanani wozidziwa. Ndipo mwana wanu akakuuzani kuti imani, imani kaye mumve. Tsiku lija bambo aja akanamvera ine, bwenzi ndikukuuzani za maliro.