Foni ya Apongozi a ku Vubwi

Ntchito yokonza mafoni ndinaipeza chifukwa cha pakamwa panga. Nditamaliza Giredi 12 ndinangokhala kwathu ku Sinda, kuswa mtedza ndi kudikira zosadziwika. Tsiku lina foni yanga inagwera mu ndowa, ndipo ndinapita nayo ku Katete kwa aMbewe, amene anali ndi kashopu pafupi ndi siteshoni ya maminibasi. Iwo ali mkati momasula, ine khosi lili pamwamba pa tebulo: ichi n'chiyani, nanga icho mukuchitsukiranji ndi sipiriti? Atatopa nane anaika sukuludiraiva pansi.

“Iwe mtsikana, uli na mafunso monga wapolisi. Ubwele pa Mande, uzifunsa uku upyanga.”

Ndinasesadi, ndikugona kwa azakhali kuseri kwa msika. Pang'onopang'ono anayamba kundipatsa mafoni akufa kuti ndiziphunzirirapo: kusintha sikirini, kuwotcherera pobayira chaja, kufulasha foni yomwe yangoima pa chizindikiro osapitirira. AMbewe sanali munthu woyamikira. Ukachita bwino ankangoti “hmm”, ukalakwa ankakuuza mokweza mpaka ogulitsa nthochi panja adziwe.

Chomwe sankandilola kukhudza chinali kuruta foni. Kuruta ndi kutsegula foni mpaka mkatikati, kumene opanga sanafune kuti mwini wake azifikako. Ukatero ungathe kuchotsa maapu obwera ndi foni amene amangodya malo. Koma usanafike kumeneko uyenera kumasula loko wotchedwa butiloda, ndipo loko ameneyu akamasuka foni imafufuta zonse zili m'kati, zithunzi, manambala, mauthenga, n'kukhala ngati yangotuluka m'katoni. Ukaikamo fayilo yosagwirizana ndi foniyo imasanduka chomwe ife timati njerwa. Ngakhale zonse ziyende bwino, galanti, lonjezo la opanga lokukonzera ulere, imathera pomwepo ndipo maapu ena a kubanki amakana kutseguka.

Choncho aMbewe anali ndi malamulo awo. Batire la foni lidzaze. Laputopu ikhale ndi moto, chifukwa magetsi a masiku amenewo ankapita osatsanzika. Kebulo ikhale yosagwedera. Fayilo ifanane ndi nambala ya sofutiweya ya foniyo, chilembo ndi chilembo. Zonse za m'foni zikopedwe kaye pa laputopu. Ndipo kasitomala avomere ndi pakamwa pake kuti wamva kuti zonse zifufutika. Ndinawaonerera kambirimbiri mpaka ndinkalota zimenezi, koma iwo ankangoti ndikali mwana.

Mwayi unabwera tsiku la mwambo wa Kulamba, Loweruka lothera mwezi. Tauni yonse inali itakhamukira ku Mkaika, ndipo aMbewe nawo anatenga tebulo ndi mabatire a sola kukatchajitsa mafoni kumeneko. Pochoka anati, “Ikabwela ya kuruta uyese. Koma ukapanga njelwa, ukamangile nyumba kwanu ku Sinda.”

Cha m'ma teni kunalowa bambo wina wovala jekete la panjinga yamoto, nati ndi aTembo a ku Vubwi. Anabwera pa lole yonyamula anthu opita ku mwambo, ndipo loleyo inali yoti ibwerera masana omwewo. Anaika pa kauntala foni yokutidwa m'kansalu. Inali itadzaza moti uthenga wamawu sunkatsitsika, ndipo mnzawo wina wa kumalire anawauza kuti mankhwala ake ndi kuruta.

“Ndi yanu?” ndinafunsa.

“Ndi ya kunyumba.”

Kumudzi foni ya kunyumba ndi foni ya aliyense, ndiye sindinaonepo chachilendo. Ndinawafotokozera zonse monga mwa malamulo. Iwo anagwedeza dzanja. “Mukakopera zithunzi ndi manambala basi, zinazo fufutani. Mulibe kanthu umo.”

Panja, pa khonde la shopu yoyandikana nafe, panakhala mayi wachikulire wovala duku loyera, atatifulatira. Ndinaona kuti aTembo potuluka kukagula madzi anazungulira kutali m'malo modutsa pamaso pawo, koma ndinali ndi zambiri m'mutu.

Ndinatchaja foni mpaka kudzaza. Ndinakopera zithunzi, manambala ndi foda yonse ya apu ya mauthenga, ija yobiriwira yomwe aliyense ali nayo. Ndinatulutsa simu, yomwe inali ya konkuno ku Zambia, n'kuisunga m'kabotolo. Ndinatsegula masetingi obisika, ndinalola kumasula loko, ndinalumikiza kebulo, n'kulemba lamulo pa laputopu. Sikirini ya foni inada, kenako panatuluka timalemba toyera ta Chingerezi tofunsa ngati ndikufunadi kumasula loko ndi kufufuta zonse. Batani lokwezera voliyumu linali “inde”, lotsitsira linali “ayi”. Kunena zoona mtima unali m'mwamba ndi chimwemwe, poti tsiku langa linali litafika. Chala chinali chili kale pa batani.

“Mwana wanga.”

Anali mayi aja. Anali atasendera pa windo, nkhope atalozetsa kumbali kuti asayang'anizane ndi aTembo.

“Akaimba Lakisoni mundiitane. Amakonda kuimba Loweruka lothera mwezi.”

Ndinachotsa chala. “Amaimbira pa nambala iti, amayi?”

“Pa yake yomwe ija ya ku Malawi.”

Ndinakumbukira simu ya ku Zambia ija ili m'kabotolo. Ndinasiya foni pa kauntala ngati dzira, ndinatuluka, n'kugwada pafupi nawo. Anali aNaphiri, apongozi awo a aTembo, ndipo foniyo inali yawo. Lakisoni anali mwana wawo wamwamuna yekhayo. Kumudzi kwawo netiweki ya ku Malawi ndiyo imagwira bwino, ndiye iye asanapite ku Joni anawatsegulira apu ija pa nambala yake ya ku Malawi, simuyo n'kupita nayo. Kumeneko anamubera foni ndi simu yomwe. Kuyambira pamenepo ankaimba pa mafoni obwereka, lero nambala iyi, mwezi wina nambala ina, ndipo ukabweza foni ankayankha anthu achilendo osamudziwa n'komwe. Nambala yokhayo yomwe Lakisoni ankaidziwa pamtima inali yake yakaleyo. Anaimba komaliza mvula isanathe.

Wosadziwa ntchitoyi angati nanga si zonse ndinali nditakopera. Apu ija ukaiikanso pa foni yofufutidwa imatumiza kodi ku nambala yomwe inalembetsedwa, ndipo popanda kodiyo sitseguka. Kodi ikanapita ku simu yomwe ili m'thumba la wakuba ku Joni, kapena m'ngalande. Zithunzi zikanabwerera, koma Lakisoni akanaimba mpaka kutopa osapeza munthu, mayi ake ali phee kudikira.

Nditalowa ndinawafotokozera aTembo, ndipo mawu anga sanali aulemu kwenikweni. Nkhope yawo inagwa.

“Ine sin'nadziwe. Apongozi ndingakhale nawo pansi n'kumawafunsa za m'foni mwawo? Zonse zimadzera mwa akazi anga, ndiye atsala kumudzi ndi khanda.”

Sankanama. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi amapewana, sayang'anizana m'maso, salankhulana nkhani zazitali. Bamboyu ankafuna kuwathandiza basi, kuti mauthenga a mwana wawo azitsitsika.

Ndinati palibe vuto, tingodina “ayi”. Ndinagwira batani lotsitsira voliyumu, ndipo linangolowa fwaa ngati phala, osalira. Linali lakufa kalekale. ANaphiri makutu awo ndi olemera, ndiye chigulireni foniyo sanafunepo kutsitsa voliyumu. Choipa china, mabatani awiriwo anali kapulasitiki kamodzi. Ndikanakanikiza mwamphamvu kumunsi, kumtunda kukanatha kudinika.

Ndinazula kebulo, funso lili pompo. Batani lozimitsira ndinaliopa, chifukwa pa mafoni ena limenelo ndilo limavomereza. Kudikira kuti batire lithe kukanatenga mpaka mawa kapena mkuja, poti ndinali nditalidzaza ndekha, ndipo foni yoteroyo siingakwere lole n'kumagundidwa ndi matumba. Ndinaimbira aMbewe. Netiweki ya ku Mkaika inali itadzaza ndi khamu, ndinaimba ndi kuimba mpaka inalowa, ng'oma zili mbwee kumbuyo. Ndinafotokoza mofuula.

“Osakhudza batani! Tsegula kumbuyo udule batile. Uyambile mbali ina, wamvela?”

Foni inaduka, ndipo sinalowenso.

Kutsegula kumbuyo kwa foni ndinali nditachitapo kosawerengeka, koma foni ili yozimitsa. Ya aNaphiri inali ya mtundu uja umene chikuto chonse chakumbuyo chimagwira ndi timano ta pulasitiki, ndipo mabatani amakhala m'chikutomo. Kuchichotsa ndiye kuti chikhuze mabatani omwewo. Komanso kuti ndigwire ntchito foni inayenera kugona chafufumimba, ine osaona sikirini. Kauntala yathu inali ya galasi, ndiye ndinachotsa machaja ndi mahedifoni omwe anali pansi pake, n'kuuza aTembo kuti agwade alowetse mutu, aziyang'ana m'mwamba.

“Timalembato tikasintha mundiuze.”

Ndinapukuta manja pa siketi. Ndinatenga kapulasitiki kopyapyala kotsegulira, n'kukalowetsa pa ngodya ya kumunsi, mbali yopanda mabatani. Dzino loyamba linati thwa. Ndinaima kaye, chifukwa kulira kwake n'chimodzimodzi ndi kwa batani.

“Likadalipo funso,” anatero aTembo pansi pa galasi.

Ndinapitirira, dzino ndi dzino, kukwera mbali imeneyo, kudutsa kumutu. Panja woyendetsa lole anayamba kuliza hutala kuitana anthu a ku Vubwi. Kasitomala wina analowa kufuna chaja, ndinamuthamangitsa osamuyang'ana n'komwe, ndipo mpaka lero sanabwerenso. Mbali zitatu zitamasuka, chikuto chinatsala chikugwira mbali ya mabatani yokha. Sindinachinyamule m'mwamba. Ndinachipendeketsa pang'ono ngati chitseko, n'kuchikankhira kunja kuti chitalikire mabatani. Chinakana. Ndinakankhanso, ndipo china chake chinalira.

“Yaphethira!” anafuula aTembo.

Ndinaleka kukankha. “Yalemba chiyani?”

Anasendeza nkhope pafupi ndi galasi n'kuyang'anitsitsa.

“Iyayi, ndi mthunzi wa dzanja lanu. Likadalipo.”

Nditakweza maso ndinapeza aNaphiri alowa mu shopu. Anaima pafupi ndi kauntala, chitenje chawo chikukhudza phewa la mkamwini wawo, ndipo palibe mwa awiriwo amene anasuntha.

Ndinamasula tizomangira ta kachitsulo kophimba waya wa batire, kamodzikamodzi, ndikugwira foni ndi zala ziwiri kumutu ndi kumunsi. Ndinalowetsa kandodo kapulasitiki pansi pa pulagi ya batire, osati kachitsulo, kuopa shoti. Ndinatukula.

“Yazima,” anatero aTembo.

Apa ndiye panalibenso wodziwa. Ngati batani linadinika m'kamphindi komaliza, zonse zinali zitapita kale. Ndinabwezera pulagi, ndinatembenuza foni, n'kuyatsa. Chizindikiro chinatuluka n'kukhala pompo. Mafoni otchipawa amachedwa kuyaka, ndimadziwa bwino, koma tsiku limenelo ndinkaona ngati yafa. Hutala ankangolira panja. ANaphiri milomo inkagwedera, ndipo ndinazindikira kuti akupemphera.

Kenako panatuluka chithunzi cha mnyamata wovala chipewa chofiira ataima m'munda wa thonje. Ndinadina apu ija. Inatseguka osafunsa kanthu.

Ndinakhala pansi pa simenti, chifukwa mpando unali kutali. Panalibe uthenga watsopano, panalibe foni yophonyedwa. ANaphiri anayang'ana sikirini kwa kanthawi nati, “Bola njira ilipo.”

Kudzaza kwa foniyo sikunafune n'komwe kuruta. Munali mavidiyo a makwaya ndi maulaliki otumizidwa pa gulu la amayi a kumpingo, mulu wosaneneka. Ndinawasamutsira pa memore khadi, ndinazimitsa zotsitsa zokha, ndinatsekanso masetingi obisika aja, n'kubwezera chikuto ndi simu. Kenako ndinawauza chilungamo, ngakhale chinali chowawa. Njira imeneyi inali yapakanthawi. Foniyo ikadzagwera m'madzi, kapena nambala ija ikadzapatsidwa kwa munthu wina ku Malawi, basi kwatha. Ndinaika apu yomweyo pa foni yawoyawo ya aTembo kuti ikhale pa nambala yamoyo, ndipo ndinawauza aNaphiri kuti aloweze nambalayo pamtima.

“Tsiku lomwe Lakisoni adzaimbe, choyamba mumupatse nambala iyi. Zina zonse pambuyo.”

Anathamangira lole, mkamwini patsogolo, apongozi kumbuyo patali ndithu monga poyamba.

AMbewe atabwerako madzulo ndi fumbi la ku Mkaika m'nsidze, ndinawafotokozera zonse. Ndinkayembekeza kukalipidwa. Anangoti “hmm”, ndipo mawa lake anawonjezera lamulo: wobweretsa foni si mwini foni, ndipo tisanafufute chilichonse tiziona kaye ngati nambala ya mu apu ndi yomwe ili pa simu. Foni yanga yoyamba kuruta inadzakhala ya mnyamata wina wa ku koleji, ndipo inayenda bwino moti ndaiwala ndi mtundu wake. Lero ndili ndi tebulo langalanga ku Sinda. Munthu akabwera kuti ndimurutire kapena kumufulashira foni, ndimafunsa kaye kuti ndani amaimba pa foniyo, ndipo ngati mwini wake wakhala panja pa khonde ndimatuluka n'kukagwada.

Mvula ya chaka chomwecho itayamba, aTembo anadutsa pa shopu ya aMbewe ndi foni yawo yosweka sikirini. Ndinaopa kufunsa, koma anayamba okha.

“Anaimba, mwezi wathawu. Tinali tonse kumunda. Apongozi atangomva mawu ake sanamupatse moni, sanafunse ngati ali bwino. Anayamba kumuwerengera nambala mofuula, n'kumuuza kuti abwereze. Atabwereza bwinobwino m'pamene anakhala pansi pa mzere n'kuyamba kulira.”