Chitsononkho cha Alamu pa Thanki

Amuna anga atamwalira anandisiyira ana atatu ndi galimoto yakale yokwera mapiri, ija tinkanyamulira mtedza kuchokera ku Chezi kukagulitsa ku Ntchisi. Kuyendetsa anandiphunzitsa okha. Koma titangoika maliro, galimotoyo inayamba khalidwe lachilendo. M'mawa inkalira bwinobwino, n'kuyenda kamtunda ndithu, koma ikangofika pachitunda, injini zii. Ndikadikira nthawi yaitali inkaliranso, n'kukazimanso patsogolo.

Nkhaniyi inawakomera alamu anga, achimwene awo a malemu, amenenso ndi mkulu wa mpingo.

"Alamu, musalimbane nazo izi," anatero atandipeza pamsewu. "Mwiniwake sakufuna kuti chiwongolero chake chigwiridwe ndi munthu wamkazi. Loweruka abale tikumana. Mudzapereke makiyi, ipite kwathu ku Dzoole, mzimu wake uuse."

Mtima unandiwawa, ndipo ndinapsa nawo mtima kwambiri. Munthu amene anandigwira dzanja kundionetsa magiya, lero akane ine? Ndipo popanda galimotoyo ana anga akanadya chiyani?

Ndinayamba ndi zimene ndinkaona malemu akuchita. Ndinasintha sefa ya dizilo. Ndinamanga mawaya a batire. Mapaipi ndinawauzira ndi pakamwa mpaka milomo inanunkha dizilo masiku awiri. Makaniko wina wa pa Dowa Boma anangosuzumira mu injini, n'kundifunsa ngati kunyumba kulibe bambo woti alankhule naye. Ndinatseka boneti ndekha n'kuchokapo.

Lachinayi inazimanso pachitunda, matumba a mtedza ali m'mbuyo. Geji ya mafuta inafa kalekale, choncho ndinathyola kamtengo kuti ndipime dizilo. Pakamwa pa thanki panali chitsononkho chokulunga mujumbo, chomangidwa ndi mphira kolimba. Nditachizula ndinamva kuti fuuu, thanki ikukoka mpweya ngati munthu amene anamutseka pamphuno. Ndinapotoza kiyi. Inalira pomwepo.

Ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu, n'kukumbukira malemu akutokosa ndi singano kabowo kakang'ono ka pachitsekerero cha thanki. Ndinkawaseka kuti asowa ntchito. Kani thanki imafuna kupuma: mafuta akamatsika, mpweya uzilowa, apo ayi mafutawo safika ku injini. Chitsekerero chija chinatayika tsiku la maliro, alamu atatenga galimoto kukatuta nkhuni. Anatsekapo ndi chitsononkho monga timatsekera chigubu cha thobwa, n'kudzitama kuti ngakhale fumbi sililowamo. Apo sananame.

Ndinakapeza chitsekerero china chakale kwa ogulitsa zitsulo, chokhala ndi kabowo kake. Loweruka ndinakwera zitunda zonse osazimitsa, n'kukaima pabwalo pomwe abale anakhala. Injini ndinaisiya ilire kaye kuti aliyense aimve ndisanaizimitse. Ndinagwada monga mwa mwambo, ndinapereka moni kwa onse, kenako ndinamasula kampango n'kuika chitsononkho chija pamphasa, patsogolo pa alamu.

"Alamu, mzimu munkanena uja ndi uwu," ndinatero. "Munaumanga ndinu, ndi mphira. Mupite nawo ku Dzoole ukause."

Apongozi anga aakazi anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Alamu anatambasulabe dzanja kuti ndiwapatse makiyi. Ndinawayang'ana m'maso, ndinamanga makiyiwo pansonga ya chitenje changa mfundo ziwiri, n'kuwauza kuti andikhululukire, ogula mtedza akundidikira ku Ntchisi.