Windo la Kumanzere la a Zala

Ku ofesi yosungira magazi, m'chipinda chakumapeto kwa khonde, momwe fani imalira ngati ili ndi chifuwa, mumakhala mayi wina amene aliyense amawatchula kuti a Zala. Dzina lawo lenileni linatsalira pa chitupa. Anayamba ntchito ali mtsikana, akutayipa makalata pa makina achitsulo aja oliza kabelu ukafika kumapeto kwa mzere. Makompyuta atabwera, anzawo onse otayipa anauzidwa kuti zikomo, muyende bwino. A Zala anatsala chifukwa anapezeka atawerenga kale buku lonse la malangizo, lomwe akuluakulu anali atalisandutsa chotsamiritsira chitseko.

Ntchito yawo ndi kusamala detabezi, nkhokwe ya m'kompyuta momwe muli mayina a anthu opereka magazi okwana zikwi makumi asanu ndi limodzi, aliyense ndi gulu la magazi ake. Kapepala komata pa thumba la magazi kamasindikizidwa kuchokera m'menemo. Pakakhala cholakwika, a Zala amalemba sikiripiti, timizere ta malamulo touza nkhokweyo kuti sintha chakuti, kwa munthu wakuti.

Amene anawaonerera nthawi yaitali kuposa wina aliyense ndi mlamu wawo, a Mafiriji, amene anakwatira mng'ono wawo ndipo akhala akuyang'anira mafiriji a magazi zaka makumi awiri ndi zisanu. Zala zikawazizira ku ntchito yawo, amabwera kudzaima pakhomo la a Zala, amati kudzaotha. Zoona zake n'zoti amabwera kudzaona manja.

Mausi, kachipangizo kolozera zinthu pa sikirini, a Zala saigwira. Manja amakhala pa kiyibodi ngati anamera pomwepo, ndipo zonse zimachitika maso asanatsatire. Chala chaching'ono chikapanikiza Ctrl, china n'kugunda Tab, tsamba lasintha. Kugunda kuwiri, mzere wadumpha kuchoka pansi kukakhala pamwamba. Kugunda kwina, mizere khumi yagonekedwa kuti isagwire ntchito, kenako yadzutsidwanso. A Mafiriji anayesapo kuwerenga kugundako, anathera pa makumi atatu mutu utayamba kuzungulira. Amati akufuna kuona tsiku limene alamu awo adzalakwitse kuti akawaneneze kwa mng'ono wawo. A Zala amayankha osatembenuka kuti munthu amene ntchito yake ndi kutsegula ndi kutseka chitseko cha firiji asamalankhule pamene anthu akugwira ntchito.

Pa sikirini pawo pamakhala mawindo awiri ogundizana. La kumanja ndi la nkhokwe yoyeserera, yokhala ndi mayina abodza mazana awiri, momwe munthu angaswe zinthu mmene akufunira. La kumanzere ndi la nkhokwe yeniyeni. Mawindowa ndi ofanana ngati mapasa, amangosiyana timawu tating'ono pansi penipeni, tofunika mandala. N'chifukwa chake a Zala anadziikira lamulo kalekale lakuti yeniyeni izikhala kumanzere, ndipo palibe tsiku limene inakhalapo kwina. Lamulo lachiwiri ndi lakuti polemba amayamba ndi mzere wonena munthu wake, kenako n'kubwerera m'mwamba kukalemba chimene akufuna kusintha. Amati lamulo lopanda mwini wake limagwira aliyense. Akatha amasankha mizere yonse iwiri ndi Shift, amayesa kumanja, amachotsa manja pa kiyibodi n'kuwerenganso, ndiyeno kumanzere, n'kugunda F5, batani lotumiza lamulo.

Zaka zitatu zapitazo manja aja anayamba kunjenjemera. Kapu ya tiyi anayamba kuigwira ndi manja awiri. Siginecha yawo inayamba kuoneka ngati yalembedwa m'basi. Koma zala zikangotera pa mabatani, kunjenjemera kumatha, ngati mmene munthu wachibwibwi amayimbira bwinobwino. A Mafiriji anaziona zimenezi ndi maso awo, ndipo sanapeze wowafotokozera.

Kenako kunabwera bwana watsopano, wa madigiri awiri opachika pakhoma ndi misonkhano itatu pa tsiku. Ndi mtundu uja wa anthu amene amafika pamalo n'kuyamba kufunsa chifukwa chake zinthu zili chonchi, koma yankho osalidikira. Anaona kapu ikugwedezeka, sanaone china. Pasanathe mwezi kalata inali italembedwa yoti a Zala apume pa zifukwa za thanzi, ikungodikira kusainidwa Lachisanu. Mlembi wa bwanayo anauza a Mafiriji, a Mafiriji anauza akazi awo, ndipo pofika Lachitatu a Zala anali akudziwa. Anangopukuta kiyibodi yawo ndi kansalu nthawi yaitali kuposa masiku onse. Mpando umenewo anaukhalira zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo kunyumba kunalibe chowadikira koma wailesi.

Lachinayi m'mawa a ku labu yoyeza magazi anatumiza uthenga woti munthu mmodzi analembedwa gulu A pamene magazi ake ndi a gulu O. Inali ntchito ya miniti imodzi. A Zala analemba mizere yawo iwiri, n'kudzuka kukathira tiyi pa kashelefu ka pakona. Nthawi yomweyo bwana analowa. Anati afuna aone ntchito imene akuti palibe wina angaithe, poti kusukulu zimenezi anaziphunzira chaka choyamba. Anakhala pampando wa a Zala osapempha. Anafunsa komwe kuli mausi, n'kuitulutsa yekha kuseri kwa sikirini, fumbi lili mbuu.

A Mafiriji anali pakhomo, ndipo anaona zonse, kungoti sankadziwa chimene akuona. Bwana anati mawindo awiri ndi opanikiza maso. Anakoka ili, anakankha ilo, limodzi linabisika, linalo linadzaza sikirini yonse. Anakopera mizere ija m'menemo, nati tiyambe tayesa mu yoyeserera, monga amachitira odziwa ntchito. Anakoka mausi kusankha lamulo, koma dzanja linaima msanga. Mzere wapamwamba unada, wapansi wonena munthu wake unatsala woyera. Anagunda F5 ndi chala chimodzi, n'kutsamira kumbuyo.

A Zala anali atapereka msana, kapu ili pakamwa. Anamva kugundako. Kompyuta yawo imalira kamodzi ikamaliza lamulo, ndipo sinalire.

Kapu inatera pa shelefu tiyi akutayikira. Mayi amene pokwera masitepe amapumira pakati anadutsa chipindacho ndi mapazi atatu. Sanapemphe bwana kuti asunthe. Manja awo anadutsa pamwamba pa mapewa ake, uku ndi uku, ngati akumuphunzitsa kulemba, ndipo zala ziwiri zinagwera pamodzi pa mabatani oimitsa lamulo. Kenako anaima chomwecho, bwana ali m'khwapa mwawo, akuyang'ana timawu ta pansi tija. Patapita kanthawi kompyuta inalira, n'kulemba kuti lamulo laimitsidwa ndipo zonse zabwerera mmene zinalili.

A Zala sanakhulupirire mawu a makina. Zala zinayamba kuthamanga, windo lobisika linatulukira, sikirini inagawika pakati, yeniyeni inabwerera kumanzere kwake. Analemba mzere wowerenga anthu a gulu lililonse, nambala zinatuluka, anaziyerekeza ndi za dzulo zimene zinali pa tsamba lina. Zinafanana. Ndiye anakonza munthu mmodzi uja, kumanja kaye, kenako kumanzere. Zonsezi bwana anali akadagwira mausi.

Anafunsa kuti chachitika n'chiyani. A Zala anamufotokozera mwaulemu kuti windo limene anakulitsa linali la nkhokwe yeniyeni, ndipo lamulo linapita lopanda mwini wake, choncho anthu onse zikwi makumi asanu ndi limodzi anali pa ulendo wosanduka a gulu O. A Mafiriji ndi amene anamvetsa kukula kwa ngoziyo, chifukwa masana omwewo anayenera kumata timapepala pa matumba makumi anayi opita ku zipatala, ndipo thumba lolembedwa O adokotala akapanikizika amapatsa wodwala aliyense, pamene magazi a gulu lolakwika akhoza kupha munthu.

“Koma munadziwa bwanji, amayi? Simumayang'ana n'komwe.”

“Yoyeserera ili ndi mayina mazana awiri, bwana. Imayankha ndisanameze tiyi. Ndinameza, sinayankhe.”

Bwana anadzuka, anakonza tayi, nati pakufunika msonkhano wokambirana za kaonekedwe ka mawindo. Atatuluka, a Zala anakhala pampando wawo n'kuika manja pamiyendo. Anali akunjenjemera kwambiri kuposa kale lonse, mpaka m'zigongono. A Mafiriji anawathirira tiyi wina, n'kuwagwirira kapu, chinthu chimene akanachiyesa tsiku lina akanatukwanidwa.

“Alamu,” anatero a Mafiriji, “mng'ono wanu ndikamuuza kuti munathamanga, sakandikhulupirira.”

“Mukamuuze kuti munathira shuga wochepa.”

Lachisanu linafika n'kupita. Kalata ija sinasainidwe, ndipo mlembi akuti inalowa m'makina odula mapepala bwana atatseka chitseko. Kupepesa kunalibe. Mu lipoti la mwezi munalembedwa kuti panali vuto laling'ono la makina limene gulu lathu linakonza mwachangu. Gulu lathu! A Mafiriji anakopa tsamba limenelo, analemba ndi bolopeni m'mbali mwake dzina lenileni la alamu awo, n'kulimata mkati mwa chitseko cha kabati yawo, momwe amasunga zinthu zina zimene sanakhululuke.

A Zala akadali pampando wawo. Mausi anaizula n'kuitsekera m'dirowa, kiyi ali ku mpango wawo. Bwana akamadutsa pakhonde amafulumira, koma a Mafiriji anamupezapo kawiri ataima pakhomo paja, pamalo pawo penipeni, manja ali kumbuyo, akuyang'ana zala.