Mitengo ya Mayi Clermina

Ku batey kwathu, mudzi wa odula nzimbe uli mkati mwa minda ya kampani kum'mawa kwa mzinda wa Santo Domingo, munthu akanama zaka zake timangomulozera mtengo. Wanga ndi wa mapeyala, uli kuseri kwa nyumba zakale za kampani, ndipo unapitirira denga la tchalitchi kalekale. Pansi pake pali mchombo wanga. Anaukwirira ndi Mayi Clermina, mzamba wathu, zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu zapitazo.

Umu ndi mmene ankagwirira ntchito yawo. Mayi akangoyamba kuoneka kuti ndi woyembekezera, iwo ankafesa njere m'chitini n'kuchiika pakhomo pawo. Tsiku lobadwa mwana ankadula mchombo ndi lezala latsopano, kumanga ndi ulusi wowiritsa, chotsalacho n'kuchikulunga m'kansalu koyera. Akatero ankakumba dzenje, kuikamo kansaluko, kunong'ona mawu ena a kwawo ku Haiti, kenako n'kudzalapo mbande ija. Ankati mwana amene mchombo wake watayidwa kudzala sakhazikika, amakula ngati nkhuku yopanda khola. Mayina athu enieni sankavutika nawo. Ine ankangonditchula kuti Peyala, ngakhale nditamera ndevu.

Anabwera kuno mu 1980 ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, pa lole ya kampani yomweyo, pamodzi ndi amuna awo a Dieufort. Nthawi imeneyo palibe anawafunsa chiphaso, nzimbe zinkafuna manja. A Dieufort anadula nzimbe mpaka chifuwa chinawatenga, n'kusiya mbuzi, nyumba ya chipinda chimodzi ndi kakhadi ka kampani kolembedwa nambala yawo. Kakhadi kameneko Mayi Clermina ankakasunga m'pulasitiki pachifuwa, akukhulupirira ndi mtima wonse kuti ndi pepala la boma. Mwana wawo mmodzi yekhayo anamwalira, iwo n'kulera mdzukulu, Yuberkis.

Ine ndine Eliezer, ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Chitupa ndili nacho chifukwa bambo anga anali Mdominika, nzika ya dziko lino, ndipo tsiku lokandilembetsa anadzuka asanalawe mowa. Yuberkis nayenso anachita mwayi womwewo. Kusiyana kwa ine ndi anzanga amene amathawira m'nzimbe akamva injini ndi kumeneko basi.

Injini yake ndi ya kamiyona, chilole chokhala ndi khola la zitsulo kumbuyo, chimene chimatola anthu opanda mapepala n'kukawataya kumalire. Chitayamba kuima pazipata za zipatala, amayi a mu batey anasiyiratu kupita kukachira kutauni, ndipo zitini zinachuluka pakhomo pa Mayi Clermina. Iwo eni ake anatha zaka zitatu osaponda msewu wa tala.

Nkhani yake inkakambidwa pa wailesi tsiku ndi tsiku, ifenso tinkaikamba pagolosale Lamulungu masana tikusewera domino. Wolimbikira anali mlamu wanga Radhamés, mchimwene wa mkazi wanga, mlonda wa pafakitale.

"Lamulo ndi lamulo, alamu," anatero tsiku lina, akumenyetsa domino ngati tebulo lamulakwira. "Mayi anga anagona pansi m'chipatala masiku atatu kusowa bedi. Mukufuna ndiziombera m'manja? Dziko lililonse lili ndi chitseko. Mlendo ndi mame, dzuwa likatuluka azikamuka."

"Mame a zaka makumi anayi ndi zisanu?" ndinamufunsa. "Chimenecho ndi chitsime, ndipo inu mwamwapo. Ana anu awiri aja anawalandira ndani, nduna ya pa wailesiyo?"

"Aa, musasakanize nkhani. Sindikunena Mayi Clermina ine. Akufuna obwera dzanawa. Gogo ngati amene uja angamutengerenji, akamudye?"

"Kamiyona imafunsa zaka eti? Imaona khungu basi."

"Vuto lanu mumapsa mtima ngati chiwaya. Sewerani, ndi nthawi yanu."

Zoti ndimapsa mtima sankanama, ndipo za mayi ake zinali zoona, n'chifukwa chake zinkandinyansa kwambiri. Tili mkati molimbana, Mayi Clermina anadutsa ndi ndowa kumutu. Radhamés anavula chipewa mwaulemu wonse.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Ndaswera. Gwafa wa mwana wako wadzaza nyerere, ukathire phulusa m'malo mokokana pakamwa pano."

Tsiku lomwelo Radhamés anakathira phulusa.

Linali Lachiwiri m'mawa, dzuwa litangoyamba kuwawa, pamene Mayi Clermina anandiitana ali pakhomo pa Yuberkis, amene anali woyembekezera. Manja anali atasamba kale, nkhope ili gwa.

"Peyala, liza njinga. Mwana wapingasa. Ndayesa kumutembenuza kawiri, wakana. Ameneyu ndi wa mpeni."

Mwamuna wa Yuberkis anali kutali, kumanga mahotela kunyanja. Mkazi wanga anali atapita kuntchito. Amayi ena onse amene anali pamenepo analibe mapepala, ndipo Yuberkis sakanatha kukhala yekha panjinga, anali akukomoka. Mayi Clermina anathamangira kwawo, anakhoma loko pachitseko, kiyi n'kuikoleka m'khosi. Anakwera kumbuyo, mdzukulu ali pakati pathu, atamukumbatira.

"Amayi, mukudziwa chili pachipata," ndinatero.

"Ndikudziwa chili m'mimbamu. Tiye."

Sindine chitsiru chenicheni. Titafika m'tauni ndinaima patali ndi chipatala, pa mayi wina wokazinga nthochi, n'kuwasiya Mayi Clermina pabenchi kuseri kwa chitofu chake. Yuberkis ndinalowa naye ndekha. Kamiyona inalipodi, itaima pamthunzi, amuna a yunifolomu atatsamira. Chitupa cha Yuberkis anachitembenuza katatu, akumuyang'ana nkhope iye akubuula, kenako anatilola.

Cha m'ma wani koloko anandiuza kuti opaleshoni yayenda bwino, wabadwa wamkazi, onse ali moyo. Ndinathamanga kukawauza Mayi Clermina. Anatseka maso, ndipo atawatsegula anafunsa funso limodzi.

"Nanga mchombo?"

"Amayi, kuchipatala amataya zimenezo."

"Pita ukapemphe."

Ndinapita. Namwino wa pakhomo la chipinda cha amayi anandiseka, nati amuna salowa, ndipo ngati ndikufuna kuthandiza ndikagule matewera. Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo ndidzafa nacho. Ndikanangonama. Ndikanakulunga kanthu kalikonse m'pepala, ngakhale kathumbo ka nkhuku, n'kunena kuti tikatsegulira kunyumba. Koma ine wachilungamo ndinabwerera n'kuwauza kuti akana. Anangogwedeza mutu. Ndinawauza kuti asasunthe, ndikubwera, ndikagule matewera.

Nditabwerako pabenchi panalibe munthu.

"Alowa," anatero mayi wa nthochi uja. "Ati namwino ndi mkazi mnzawo, akamvana. Ndawaletsa ine, koma gogo wanuyo ndi nkhutukumve."

Zimene zinachitika mkatimo ndinazimva pambuyo pake. Analowera khomo la ochapa zovala, ndi duku lawo loyera, palibe anawaimitsa. Anapeza namwino wachikulire, wobadwira kumudzi, amene sanafune kufotokozeredwa zambiri. Namwinoyo anawapatsa kachidutswa ka mchombo m'gulovu, n'kuwaonetsanso khandalo pagalasi. Potuluka, chimwemwe chitawasokoneza, anadzera khomo lakutsogolo ngati munthu wina aliyense.

Ndinawapeza ali kale m'khola la zitsulo, pakati pa amayi ena asanu ndi mmodzi, wina ali ndi khanda la dzulo. Mnyamata wa yunifolomu anali atagwira kakhadi ka a Dieufort ndi zala ziwiri.

"Ichi ndi cha kampani ya shuga, achimwene, komanso mwini wake ndi mwamuna. Si chiphaso."

"Abwana, mayiwa abwera kuno inu musanabadwe. Theka la batey yathu anatilandira ndi iwowa. Tiyeni ndikakuonetseni mitengo."

"Mitengo?" Sanandiseke, ankangooneka wotopa. "Mtengo sukhala mboni. Ine ndapatsidwa ntchito. Chokani pagalimoto."

Ndinayamba kukuwa, sindikumbuka zimene ndinanena. Anandiletsa ndi Mayi Clermina.

"Peyala, usakangane nawo, angakutenge nawenso. Mbuzi ndaisiya padzuwa, ukaimasule. Chitini cha mango chili pakhomo uzichithirira, ndi cha mwanayu. Loko musathyole, ndibwera."

Kamiyona inanyamuka. Nditatsala pamsewu ndi matewera m'manja ndi pamene ndinakumbukira kuti gulovu lija lapita nawo.

Mayi Clermina anaimba patapita masiku asanu, pa foni yobwereka, ali ku Belladère, tsidya la malire. Kumudzi kumene anabadwira sakanatha kufikako, msewu wake unali m'manja mwa anyamata a mfuti, komanso amene ankawadziwa kumeneko onse ali kumanda. Ankagona pakhonde la tchalitchi. Anthu akumeneko ankawatchula kuti Mdominika chifukwa cha kalankhulidwe kawo.

"Mchombo ndili nawo, ndauumitsa bwinobwino," anatero. "Kuno sindiukwirira, ungadzamukokere mwana kuno. Ndibwera nawo ndekha. Dzenje musakumbe."

Tinapita kwa loya wa tchalitchi. Anatilandira bwino, analemba zonse, nationetsa mulu wa mafayilo ofika m'chiuno, nati tidikire. Pa wailesi anapitiriza kukangana, wina akuti achotsedwe onse, wina akuti akhalitsawo aziganiziridwa, kenako nyimbo. Radhamés anabwera kwathu madzulo ena, chipewa chili m'manja.

"Alamu, ine ndimati okalamba satenga."

Ndinali nditakonza mawu ambiri omulasa nawo, koma nditamuona ndinangomupatsa mpando. Kuyambira pamenepo pa domino sanenanso za mame, komanso sananenepo kuti anasintha maganizo. Ine sindimufunsa.

Miyezi inapita. Yuberkis anachira chilonda, koma ankati akamusambitsa mwana n'kufika pamchombo, amangoyamba kulira. Mu batey munabadwa ana atatu, amayi akuthandizana okha mwamantha, ndipo palibe anawadzalira kanthu. Zitini za pakhomo paja zinauma chimodzichimodzi, kupatula cha mango chimene ndinkathirira. Mizu yake inaboola pansi pa chitini n'kulowa m'dothi, moti sichinkanyamulikanso. Tinamva kuti Mayi Clermina anayesa kuwoloka kudzera m'mapiri ndi gulu lina, koma mawondo anawakana pachitunda choyamba, anzawo n'kuwasiya. Mafoni anayamba kutalikirana. Akaimba sankanenanso za kubwera, ankangofunsa ngati mwana wayamba kukhala pansi.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri, mayi wina wogulitsa kaunjika, amene amapita kumsika wa kumalire, anatsika pa basi n'kufunsa za munthu wotchedwa Peyala. Anzanga apakabaza anaseka, n'kundilozera. Anandipatsa kansalu koyera, komangidwa ndi ulusi mfundo zitatu monga mwa nthawi zonse.

"Ati mudzale," anatero.

"Ali bwanji?"

"Alipo. Aonda."

"Anenanso china?"

"Ati mbuzi ndi ya Yuberkis."

Ndinakatsegulira kwa Yuberkis. Munali kamchombo kouma, kakuda ngati kamuzu. Pambali pake panali kiyi ya nyumba yawo, ili ndi chingwe chake cha m'khosi chomwe. Yuberkis anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakhala pansi padothi, mwana ali m'manja. Palibe anafunika kutiuza tanthauzo lake.

Tinadzala Loweruka m'mawa, pakhomo pawo pomwepo, poti mango anali atasankha kale malo. Chitini tinachita kuching'amba ndi chikwanje. Radhamés anabwera ndi fosholo osaitanidwa, nakumba dzenje pambali pa mizu. Yuberkis anaikamo kansalu kaja, ndipo tonse tinadikira mawu onong'ona aja.

"Amalume, paja amanena kuti chiyani apa?" anandifunsa Yuberkis.

Ndinayang'ana amayi amene anasonkhana, onse ochirira m'manja mwa Mayi Clermina. Wina anati amayamba ndi dzina la Mulungu, wina anati ayi, amayamba ndi dzina la mwana. Tonse tinawaonapo Mayi Clermina akunong'ona, kambirimbiri, koma palibe anaganizapo zofunsa, poti tinkati alipo. Tinayesa kuimba nambala imene anaimbira komaliza. Anayankha bambo wina, nati gogo uja anachoka patchalitchi sabata yatha, sakudziwa kumene analowera.

Radhamés anadikira pang'ono, kenako anayamba kukwirira.