Yunifolomu ya Kabatani

Anthu amawatchula kuti Mayi Tepi, chifukwa tepi yoyezera siichoka m'khosi mwawo. Ena amati amasamba nayo. Shopu yawo ndi kachipinda ka kuseri kwa ogulitsa zitsulo: makina awiri, simbi, galasi lothyoka pakona, ndi mipukutu ya nsalu yobiriwira younjikidwa mpaka kudenga. Nsaluyo ndi ya sukulu ya pulayiveti ya geti lakuda ija. Zaka khumi ndi chimodzi akhala akusoka yunifolomu za pamenepo, moti ana a eni ake amawadziwa chiuno ndi phewa kuposa makolo awo. Mukangotchula mwana wa uje, akuuzani kuti ameneyo ndi wa manja aatali, amatha zigongono.

Mwana wawo ndi mmodzi, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Amamutcha Kabatani poti ali khanda anameza batani n'kulitulutsa bwinobwino mawa lake. Mwendo wake wakumanzere ndi wofooka chibadwire, amayendera ndodo ya m'khwapa. Mutu wokha ndiye mpeni. Kusukulu ya pafupi ndi kwawo ana ali thithithi, ankamuponda, ndodo ankamulanda n'kumaseweretsa ngati mfuti. Anasiya sukulu, n'kumaswera m'shopu akuwerenga manambala a pa tepi.

Tsiku lina a hedi a sukulu ya geti lakuda anabwera kudzaona nsalu. Anamuyang'ana mwanayo kanthawi, kenako anati, "Mayi, chaka chino tikufuna ana osiyanasiyana. Sukulu yathu si ya olemera okha ayi, tasunga malo aulere. Kamwana kanuka kabweretseni."

Fomu yake inali masamba asanu ndi atatu. Ntchito ya bambo, mabuku a m'nyumba ndi angati, mwana amagona nthawi yanji. Munthu ukanaona ngati akufunsira mbeta. Mayi Tepi anadzaza zonse, pa bambo pokha anadula mzere, poti mwamunayo anapita kalekale osatsazika.

Apa ndi pamene analakwitsa, kulakwitsa kwake kwa telala. Ana ena tsiku la intavyu anabwera ndi zovala za kunyumba. Iwo anamusokera Kabatani yunifolomu yeniyeni, baji ndi zonse, m'khwapa n'kuikamo nsalu yachiwiri kuti ndodo isaboole. Ankati a sukulu aone kuti ndi anthu okonzeka.

Tsikulo kunali wojambula zithunzi. Atangoona mwana wa yunifolomu ali ndi ndodo, maso ake anachita ngwee. Anamutengera pa kapinga n'kumuimika pakati pa ana a sukuluyo. "Ndodoyo uike kutsogolo, ioneke bwino. Eya! Mwetulira!" Ana aja anamugwira m'mapewa, wina anamupatsa switi. Intavyu yeniyeniyo sinakwane ngakhale mphindi zisanu.

Patatha masabata atatu, pa mpanda wa sukulu panakhomedwa chilona chachikulu cha chithunzi choyang'ana kumsewu. Ana asanu ndi mmodzi, wina woyera, wina wakuda, wina wa mpango kumutu, pakati pawo Kabatani mano onse panja. Pamwamba analemba kuti, "Mwana aliyense ali ndi malo pano." Makasitomala ankalowa m'shopu n'kumawagwira chanza Mayi Tepi. Kabatani anayamba kuvala yunifolomu m'mawa uliwonse, ati kuzolowera.

Kalata inabwera ndi mlonda wa pa geti, mu envelopu imodzi ndi oda ya masiketi. Envelopu imodzi, anthu inu, ngakhale manyazi analibe! Mizere itatu basi. Makalasi a ana a msinkhu wa Kabatani ali m'mwamba, pali masitepe, ndipo sukulu sinakonzeke kulandira mwana wotere.

Mayi Tepi anamusiya mwana kwa mlamu wawo n'kuuyatsa. Mu ofesi ya a hedi analowa osagogoda.

"Khalani pansi mayi, tikambirane mofatsa," anatero a hedi.

"Ndakhala pansi zaka khumi ndi chimodzi kukusokerani. Lero ndiima. Masitepewo amera dzulo?"

"Si ine ndekha, mayi, ndi komiti."

"Kalasi ya pansi ija, mumasungiramo matebulo othyoka ija, ndimayezeramo ana anu ineyo. Ana sangaphunziriremo?"

"Makolo enanso akhoza kudandaula kuti aphunzitsi azichedwa naye."

"Pachithunzi paja sanakuchedwetseni?"

A hedi anakoka fomu ija m'kabati, anapita nayo pa tsamba lachisanu ndi chiwiri n'kuloza ndi chala. "Munasaina nokha apa kuti tikhoza kujambula. Chaka cha mawa tidzaonanso. Ndipo mayi, tisawononge ubale wathu. Masiketi aja tikuwafuna Lachisanu."

Mtima wa Mayi Tepi unawira. Chinawapweteka kwambiri n'chakuti a hediwo ankayankhula akumwetulira, ngati akuwachitira chifundo. Anthu oterewa sakalipa. Amakuponda chala kwinaku akukufunsa kuti kunyumba kuli bwanji. Mayi Tepi anaika pepala la oda pa tebulo n'kutuluka.

Pa geti anapempha mpando wa mlonda, anaukokera pansi pa chilona chija, anakwera, n'kusolola sizasi m'chikwama.

"Amayi, mundichotsetsa ntchito inu," anatero mlonda.

"Yang'anani kumbali, achimwene. Ndi mphindi ziwiri."

Mlondayo anayang'anadi kumbali, koma mpando anaugwirira kuti usagwedezeke. Mayi Tepi anadula mmene amadulira kolala, mosathamanga, kutsata tsitsi, khutu, ndodo mpaka nsapato. Mwana wa mwini sanamukhudze ngakhale chala. Makolo amene ankadikira ana m'magalimoto anatsitsa magalasi n'kumaonerera, palibe anatsika. Atamaliza, ana asanu aja anatsala akukumbatira bowo, mpanda ukuonekera mbuu.

M'njira monse ankayenda ngati wopambana nkhondo. Ntchito ya masiketi yapita, ankadziwa, koma mwana wawo si chokongoletsera mpanda wa munthu.

Anamupeza Kabatani pakhonde kwa mlamu wawo, yunifolomu ili m'thupi, kolala ili nji. Anagwada n'kumuuza zonse osabisa: za kalata, za masitepe, zoti kusukulu kuja sapitako. Kenako anafunyulula chidutswa cha lona chija n'kuchiyala pa mawondo ake.

"Ndakakuchotsako, mwanawe. Sakuseweretsanso."

Kabatani anadziyang'ana pachithunzipo nthawi yaitali. Anayendetsa chala m'mphepete, pa mapewa pamene panali manja a ana aja, pamene tsopano panali pongodukaduka. Sanalire.

"Bwenzi mutangondisiya pompaja, amayi," anatero. "Pajatu ndinali ndi anzanga."